Chipinda cha Banja Lonse ku Bellville

Achimwene anga aakulu ali ndi ana asanu, ndipo kwathu ku Chiradzulu palibe amene amadabwa nazo. Ine ndinadziwira kuno ku Cape Town kuti ana asanu ndi mlandu. Chinali chaka chimene mchimwene wathu wamng'ono ankakwatira ku Bellville. Achimwene aakuluwo anaimba foni kuti ku ukwatiko akubwera, iwo, alamu anga ndi ana onse. "Chemwali, tipezereni pogona. Sitivuta ife."

Eti sitivuta! Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Parklands, ndipo ndimagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja, koti ukatambasula manja wakhudza makoma onse awiri. Madamu anga ndi munthu wabwino, koma za alendo ogona anakaniratu tsiku lomwe ndinayamba ntchito. Kwa mkwati kunali kutadzaza kale anzake ochokera ku Joni. Anzanga a kutchalitchi ku Maitland nawo aliyense ali ndi kachipinda kamodzi, makolo pabedi, ana pansi, nsalu pakati. Kunatsala hotelo basi. Kudandaula sindikanatha, poti ndine ndemwe ndinkawanyengerera chaka chonse kuti abwere adzaoneko kuno. Walira mvula walira matope.

Unali mwezi wa Disembala, mzinda utadzaza alendo odzaona phiri ndi nyanja. Ndikaweruka ndinkangokhalira pa foni. Funso linali lomwelomwelo: akuluakulu angati, ana angati? Ukati awiri ndi awiri, zipinda mbwee, usankhe wekha. Ukangoti ana asanu, zonse zatha. Kwina anandiuza kuti nditenge zipinda ziwiri, koma sangalonjeze kuti zikhala zoyandikana, china chikhoza kukhala pansi china pamwamba. Kwina anati khanda nalo limawerengedwa chifukwa cha malamulo a ngozi ya moto. Ndinati zoona ndi munthu, koma amagona pachifuwa pa mayi ake, bedi alitani? Mnyamata wina anachita kundifunsa ngati likubweralo ndi gulu la ana a sukulu. Ndinamudulira foni ameneyo.

Pomaliza mayi wina wa kutchalitchi anandiuza za kahotelo kena ka m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Bellville. Tsiku langa lopuma ndinakwera takisi kukaona ndi maso anga, chifukwa zithunzi za pa foni zinandinamizapo kale. Mayi wa pa kauntala, Mxhosa wamagalasi wolankhula mofulumira, ananditengera kuchipinda chimene ankati ndi cha banja. Munali bedi lalikulu la makolo, mabedi osanjikiza okwana ana anayi, kabedi ka khanda pakona, ndi bafa momwemo. Ndinatsala pang'ono kuvina. Ndinalipiriratu pomwepo, n'kujambula zithunzi kutumiza kumudzi. Achimwene anayankha kuti, "Apa ndiye mwagwira ntchito, chemwali."

Basi yochokera ku Joni inafika masana, dzuwa likuswa mtengo. Anyamata atatu a achimwene anatsika akukankhana, alamu pambuyo khanda lili kumsana, kenako achimwene atavala jekete m'kutentha konse kuja. Womaliza kutsika anali mwana wawo wachisamba, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri. Mwana ameneyu kumudzi ndikafika ankandilumphira m'khosi. Tsiku limenelo anangondipatsa moni ndi manja awiri, atamanga chitenje cha amayi ake pamwamba pa jinzi. Anthu akulimbana ndi zikwama, anandikoka bulauzi. "Azakhali, ndiperekezeni kuchimbudzi."

Titalowa anayamba kulira. Anali atakulira m'basi dzulo lake, pakati pa ulendo, atakhala mpando umodzi ndi bambo ake. Sanauze aliyense, ndipo anachita bwino. Kwathu mwana wamkazi akatha msinkhu sathamangira kwa mayi ake. Amauza azakhali kapena agogo, iwowo ndiwo amauza mayi, ndipo mayi amauza bambo ali awiriwiri. Mwanayu anapirira njira yonse kudikira ine. Ndinamva chisoni, abale, ndinamvanso kunyada.

"Azakhali, anyamatawa asadziwe," anatero. "Adadi asamvere pagulu."

Ndinamulonjeza. Ndinathamangira m'sitolo ya pomwepo kukagula zofunika, ndipo tikukweza katundu m'takisi ndinawanong'oneza alamu. Anagwira pakamwa, nati, "Mayo ine, pa ulendo pomwe!" Kenako anandiyang'ana. "Nanga chipinda chija?"

Apo ndiye mutu unandiima. Mwana wamkazi akakula sagonanso chipinda chimodzi ndi bambo ake, ngakhale kulowa kuchipinda kwa makolo amasiya. Alongo ake nawo amapatukana nawo pogona. Sikuti pali amene akumuganizira zoipa, ayi, ndi ulemu chabe, ndipo tonse tinakula choncho. Ngakhale ku Maitland kwa nsalu pakati kuja, mtsikana akakula amamufunira kwa mayi wina wosakwatiwa kuti azikagona kumeneko. Tsono ine ndinali nditavutika milungu yonse ija kufuna chipinda choti onse agone pamodzi, ndipo chimenecho ndicho sichikanathekanso.

Titafika, achimwene anasangalala ngati apatsidwa nyumba. Anatsegula mipope ya m'bafa, kuyesa magetsi, kukhala pabedi n'kudzukanso. Anyamata anayamba kumenyanirana mabedi apamwamba. Bambo awo anawaletsa, nagawa malo okha. "Pamwamba apa, pafupi ndi ife, pagona mkulu wanu. Iwe, bwera uike chikwama chako, uziyang'anira ang'ono akowa." Mtsikana uja sanasunthe. Anali m'khonde atakumbatira chikwama chake, maso ali pa ine. Alamu anayamba kusintha khanda thewera lomwe linali louma bwinobwino.

Ndinatsika kukapempha chipinda china. Mayi wa pa kauntala anavula magalasi. "Sisi, si iwe unkandilirira kuti ukufuna chimodzi chokwana onse?" Ndinati ndine ndemwe, zinthu zasintha. Anafufuza pa kompyuta, napeza kachipinda kamodzi ka anthu awiri, pamwamba penipeni, kamene wina anali atakakana m'mawa womwewo. Nditanena kuti ndi ka mtsikana wathu, anapukusa mutu. Mwana sangagone yekha popanda wamkulu, ndi lamulo. Koma polipira, anati, wa msinkhu umenewo amawerengedwa ngati wamkulu. Ndinaseka mokwiya. Ndiye kuti ndi wamkulu polipira, mwana pogona? Ndinati chabwino, lembani dzina langa, ndigona naye ine, kuntchito ndizilawirira pa takisi.

Ndikulandira kiyi, achimwene anatulukira, anyamata ali pambuyo pawo, mtsikana ndi alamu chapatali. Pa mipando ya pomwepo panakhala alendo ena, ndipo awiri mwa iwo, amuna, ndinali nditawamva akulankhula Chiyao, kutanthauza kuti Chichewa chathu ankachimva.

"Chemwali, kiyi wachiwiriyu ndi wa chiyani?"

"Mwanayu agona ndi ine pamwamba."

"Chifukwa?"

Ndinanama. Ndinati m'chipinda muja mwathina. Anati mwathina pati, pomwe bedi lake lilipo? Ndinati iwo amaliza mkonono. Anati mkonono sanayambe lero, ana onsewa anakulira momwemo. Achimwene anga ndi munthu wofatsa, koma akagwira mfundo, kuwachotsapo ndi ntchito. Ndiponso anali ndi mantha enieni. Kumudzi anthu amamva zambiri za kuno, za ana osowa, za mfuti, zoona ndi zabodza zomwe. "Ine ndinawalonjeza amayi kuti ana onsewa ndizigona ndikuwaona," anatero. "Mzinda wachilendo uno. Mwana wanga sakagona kutali ndi ine."

"Kutali kuti, achimwene? Ndi pamwamba pomwepa, ndipo ali ndi ine!"

"Nanga bwanji iyeyu yekha? Bwanji osatenga wamng'onoyu?" Apa anatembenuka n'kuyang'ana mwana wawo. "Kapena pali chimene wachita? Iwe, chiyambire dzulo sukulankhula. Tanena, wachita chiyani?"

Anyamata anatcheratu makutu, poti nkhani ya mkulu wawo kukalipiridwa imawakomera. Amuna a Chiyao aja anasiya kucheza. Mwanayo anaweramitsa mutu, ndipo ndinaona kuti akafunsidwa kachiwiri alira, akalira anyamata sadzamusiya mpaka atadziwa. Alamu anandiyang'ana. Anali ndi mawu oyenera, koma poti awanenere panalibe. Kuchipinda kuli ana, pakauntala pali alendo, panja pali msewu.

Mtima unandipsa. Ndinalanda chikwama cha mwana uja n'kuwaponyera achimwene m'manja. "Amuna inu mafunso ngati apolisi! Tandinyamulireni ichi, msana ukundipweteka. Chikepe chafa, tidzera pamasitepe. Enanu bwererani kuchipinda." Chikepe chinali chamoyo, ndipo mayi wa pa kauntala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, koma sanatsutse.

Tinakwera awiriwiri, iwo patsogolo akung'ung'udza. Pokhota masitepe, pomwe panali zenera loyang'ana kumalo oimika magalimoto, ndinawaimitsa. Sinali ntchito yanga kuwauza. Mlongo sauza mlongo wake zoterezi. Koma malo oduka mphepo m'hotelo monse muja anali amenewo.

"Achimwene, mwana sanalakwe. Mwana wakula."

Anandiyang'ana ngati sanamve. Kenako anaika chikwama pansi pang'onopang'ono.

"Liti?"

"Dzulo, m'basi."

Anakhala pa sitepe, jekete lawo labwino lija likukhudza fumbi. Kenako anati, "Pamene basi inaima kuti anthu adye, ndinamugulira ayisikilimu. Anakana. Ndinamukalipira pamaso pa anthu kuti wayamba matama." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Nanga inenso ndamufunsa zotani pansi paja?"

Ndinati simunadziwe. Anati eya, sindinadziwe. Ananyamula chikwama, nakwera nacho mpaka pamwamba, n'kundisiyira kuti ndilowetse ndekha.

Potsika ndinkada nkhawa kuti anyamata awauza chiyani, chifukwa achimwene satha kunama. Koma tsiku limenelo anatha. Analowa m'chipinda chachikulu chija nalengeza kuti, "Mkulu wanu akagona pamwamba chifukwa azakhali anu amaopa kugona okha. Aakulu onsewa, amaopa mdima." Anyamata anagwa nako kuseka. Wachiwiriyo anafunsa ngati ndimaopanso mphemvu. Masiku onse amene anakhala kuno ankandibisalira m'makona kuti andidzidzimutse, ndipo ine ndinkakuwa mokweza kuti akhutire. Za mkulu wawo palibe anafunsanso. Bedi lapamwamba lija analanda wamkulu mwa anyamatawo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Madzulo alamu anakwera ndi khanda, ndipo tinakhala atatu pa mabedi awiri aja kumulangiza mwana pang'ono, zongoyambira, zina zonse akazimvere kumudzi kwa akuluakulu. Mwanayo anamvetsera zonse. Atasamba n'kudya, nkhope inamasuka, mpaka anayamba kundifunsa ngati madzi a m'nyanja ya kuno ndi amchere zoona.

M'mawa wa tsiku la ukwati tinamva kugogoda. "Odi kuno!" Anali achimwene, atanyamula thireyi ya tiyi ndi mabanzi kuchokera kodyera pansi. Ndinatsegula, ndipo poti ndazolowera za m'tauni ndinati, "Lowani, achimwene." Sanalowe. Anaima m'khonde, nandipatsira thireyi ija pakhomo.

"Mwadzuka bwanji m'menemo?" anafunsa, maso ali pakhoma.

Mwana uja anali atadzuka kale pabedi kuti awathamangire, monga ankachitira m'mawa uliwonse kwawo. Anaima pakati pa chipinda, kenako anagwada. "Tadzuka bwino, kaya adadi?"

"Tadzuka. Banzi lalikululo ndi lanu. Mudye, tsiku ndi lalitali." Anaimabe pang'ono ngati pali china choti anene, koma anangokonza kolala ya jekete n'kutembenuka. Tinawamva akutsika masitepe, osathamanga.

Nditatseka chitseko, mwanayo anali chigwadire. Misozi inali ikutsika koma sankalira mokweza.

"Azakhali, ndiye kuti basi? Sazilowanso?"

Ndikanatha kumunamiza, koma mabodza ndinali nditanena okwanira m'hotelo imeneyo. Ndinakhala pansi pambali pake. "Basi, mwanawe. Amakukonda chimodzimodzi, koma sazilowanso."

Anagwedeza mutu, napukuta m'maso ndi chitenje cha amayi ake. Tiyi tinamwa atazizira. Banzi lija anadya lonse, kenako anakhala pakati pa miyendo yanga kuti ndimumange tsitsi.