Fumbi la mu Laputopu

Laputopu ya malemu amuna anga inkati ikangoyaka, galasi lonse lachita buluu, basi yazima. M'menemo munali mawu awo akuimba nyimbo za kutchalitchi, ndipo kwina kulikonse kunalibe. Ndinaikulunga m'chitenje, ndinakwera minibasi ku Lirangwe kupita kwa mayi wina wokonza makompyuta ku Chileka.

Mayiyo anatsegula kunsi kwa laputopuyo n'kutulutsa kanthu kobiriwira, kotalika ngati chala.

"Aka ndi kamemole, kothandiza kompyuta kukumbukira zinthu, amayi. Fumbi lakwathu kuno lakatsamwitsa."

Anakapukuta ndi chofufutira pensulo, anakauzira mpweya kawiri, n'kukabwezera.

Inayaka osazimanso, ndipo amuna anga anayamba kuimba m'kashopumo. Ndinaima chilili n'kumamvetsera. Fumbi ndi mpweya. Ndinakumbukira kuti Mlengi anayambanso choncho ndi ife.