Amene anaperekeza bambo Cuthbert

Ntchito yanga yoyamba ku Bolton, kuno kunja kwa dziko lathu, anandipezera ndi mayi Chisale, nesi wa kuchipatala chachikulu amene tinkapemphera nawo mpingo umodzi. Atamva kuti kunyumba ina yosamalirako okalamba akufuna anthu, anandiperekeza okha pabasi mpaka pageti. A kunyumbako anandilemba mongoyesa kaye. Mapepala anga ondilola kugwira ntchito anali atangotuluka kumene, ndiye ntchitoyo ndinaigwira ngati dzira.

Zophunzira zinali zambiri. Hoyisiti, makina onyamulira munthu pabedi, suyendetsa wekha zivute zitani: wina amakoleka zingwe, wina amakweza. Wodwala wogonera umamutembenuza pafupipafupi kuti asatuluke zilonda. Magolovesi ndi epuloni umasintha chipinda chilichonse. Koma lamulo limene a Julie, manejala wathu, ankalibwereza mpaka kutopetsa linali lakuti nkhani za okalamba athu sizituluka pakhomo. Ine ndi pakamwa pangapa, lamulo limeneli ndi limene linkandiopsa.

Mwa amene ndinkawasamalira munali bambo Cuthbert a ku Montserrat, kachisumbu ka ku Caribbean. Kwawoko phiri linaphulika n'kukwirira tawuni yawo ndi phulusa, anthu ambiri n'kubalalika. Ndikamawameta ndevu m'mawa ndi pamene ankamasuka.

"Kwathu kunatsala nkhalamba, mwana wanga. Achinyamata akamaliza sukulu amanyamuka. Amene akumanga nyumba kumeneko masiku ano ndi obwera a zisumbu zina."

"Nanga osabwerera bwanji, agogo?"

"Ndibwerere kwa yani? Kumudzi kwangako saloleza n'komwe kugonako."

Ine wochokera kumene ana amakhala mbwee pakhomo lililonse, sindinkadziwa kuti dziko nalo limatha anthu. Mkazi wawo anali atamwalira, ana analibe, ndipo mlendo wawo sindinamuonepo.

Atamwalira tinawasambitsa n'kutsegula windo monga amachitira kuno. A Julie anati maliro ayendetsa a khonsolo, ndipo mwina kudzakhala iwo ndi abusa basi. Zinandiwawa kwambiri. Munthu wamkulu chonchi aikidwe ngati alibe kwawo? Lamlungu kutchalitchi, nthawi ya zolengeza, ndinaimirira n'kunena zonse: dzina lawo, kwawo, nyumba imene ankakhala ndi tsiku la maliro. Kwathu maliro sabisa.

M'mawa mwake mayi wina wakumpingo, mwaulemu wake wonse, anaimba foni kuntchito kufunsa ngati abwere ndi mpunga kapena mandasi. A Julie anandiitanitsa kuofesi.

"Tiyamike, wauza anthu akunja za munthu wathu? Ukudziwa kuti izi n'zochotsetsa ntchito?"

"Pepani abwana. Kwathu munthu sapita yekha."

"Ukanabwera kwa ine kaye. Tikambirana maliro akatha."

Lendi inkandidikira, mwana wanga anali atangoyamba sukulu, ndipo wochotsedwa pa mlandu wotere kwina salembedwa msanga.

Tsiku la maliro kunali kamvula kowaza. Ndinafika kumanda n'kupeza amayi athu atamanga zitenje pamwamba pa majekete, nyimbo atayamba kale. A Julie anaima poteropo osandiyang'ana. Kenako kunatulukira nkhalamba zingapo zimene sitinkazidziwa. Mayi Chisale anali atauza mnzawo wakuntchito wa ku zisumbu zomwezo, uthenga n'kuyenda mpaka ku Manchester ndi ku Leeds. Mayi wina wandodo anali ataphunzira sukulu imodzi ndi malemu, ndipo ankaganiza kuti anamwalira kalekale. Atathira dothi anakagwira a Julie dzanja, poganiza kuti ndi iwo anawaitana.

"Mulungu akudalitseni potifunafuna. Tatsala ochepa, ndipo anzathu ambiri timangomva ataikidwa kale."

A Julie analoza ine.

"Thokozani uyu."

Ndinalira, ndipo sindikudziwa ngati ndinkalirira bambo Cuthbert kapena ntchito yanga.

Kuofesi sanandinyengerere. Anandipatsa chenjezo, n'kundifotokozera kuti ena mwa okalamba athu anathawa achibale owazunza ndipo safuna kupezeka, choncho pakamwa ngati panga pangathe kupweteketsa munthu. Zinali zoona, ndipo ndinavomera. Koma ntchito anandisiyira, ndipo mpaka lero ndimawayamika.

Chimene ndinatolapo n'chakuti za maliro amafunsa mwini wake akadali moyo. Wokalamba aliyense amene ndazolowerana naye ndimamufunsa kuti tsikulo likadzafika tidzauze ndani, kenako n'kukauza manejala. Ena amatchula anthu, ena amati pasakhale aliyense, ndipo timalemekeza.

Ndikutuluka muofesi tsiku limenelo, a Julie anandiitananso.

"Tiyamike, amayi oimba aja amapita pamaliro a aliyense?"

"Aliyense, abwana."

"Ndiye pa anga, chilolezo ndakupatsiratu."