Kalata ya Mpingo Yopanda Chidindo

Ganizo lopita kudziko la Aarabu linandipeza ndili pamzere wa madzi kwathu ku Mchengautuwa, mu Mzuzu. Mnzanga wina anandionetsa uthenga pafoni woti hotela ina kumeneko ikufuna atsikana ochapa ndi kusita. Ine Tionge wa kwa Mhango, amene satifiketi yanga ya Fomu 4 inali itagona m'sutikesi zaka zitatu, sindinadikire n'komwe kuti ndowa idzaze. Ndinafika kunyumba ndikuthamanga, timadzi tomwe ndinatungato titathera m'miyendo.

Adada ndi mkulu wa mpingo, ndipo za malipiro sanafunse. Funso lawo linali limodzi: "Kumeneko tchalitchi chiliko?" Ndinayankha kuti chiliko, ngakhale sindinkadziwa. M'mawa mwake ananditengera kwa mlembi wa mpingo kukatenga kalata yosamukira. Kwathu mkhristu sasamuka chimanjamanja. Amanyamula kalata yonena kuti ndi membala wabwino, amakaipereka kumpingo wa kumene akupita, ndipo pobwerera amabwera ndi ina yokhala ndi chidindo cha kumeneko. Ukabwera wopanda kalatayo, pa Mgonero wa Ambuye umangoonerera anzako akudya.

Amama anaikulunga m'pulasitiki n'kuiika pamodzi ndi pasipoti. "Ukabwere nayo inzake, mwana wane," anatero. "Ndikufuna tidzakhalenso benchi imodzi pa Mgonero."

Ulendowo ndinasangalala nawo ngati mwana. M'ndege ndinadya chilichonse chimene anandipatsa, mpaka cha mayi amene ndinakhala naye pafupi, poti iye ankachita nseru. Ndiye poti ndinakulira m'chifunga cha Mzuzu, ndinatsika nditavala majuzi awiri. Kutentha kumene kunandilandira pakhomo la ndege mpaka lero ndikakumbukira ndimatuluka thukuta.

Lamulungu loyamba ndinadzuka m'mamawa, ndinavala diresi yanga yoyera, ndinatenga buku la nyimbo ndi kalata ija, n'kupita kwa woyang'anira ntchito kukafunsa njira ya kutchalitchi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Kenako anandifotokozera mwaulemu ndithu kuti Lamulungu kumeneko ndi tsiku la ntchito, tsiku lopuma ndi Lachisanu. Matchalitchi aliko, koma ali kulikulu, mumpanda umodzi umene boma linaloleza, ulendo wa tsiku lathunthu. Kusonkhana kuti mupemphere kwina kulikonse popanda chilolezo ndi mlandu. Tsiku limenelo ndinasita nsalu za pabedi ndili mu diresi ya kutchalitchi.

Ndalama zokha zinkabwera, sindinama. Nyumba yathu inafoleredwa ndi malata atsopano, mng'ono wanga anabwerera kusukulu, amama anagula foni yotha kujambula mawu. Foni imeneyo ndiyo inkandiliza. Ankandijambulira kwaya Lamulungu lililonse, ndipo ine ndinkamvetsera ndili pasimbi, misozi ikudonthera pamalaya a alendo. Uthenga wa adada unali womwewomwewo mwezi ndi mwezi: "Kalata wapereka?" Ndinkayankha kuti ndikufufuzabe. Ndinali ndekhandekha, ndipo ndinkachita manyazi.

Amene anandipulumutsa anali Halima, Msilamu wa ku Mombasa amene ankasita pafupi nane. Tsiku lina anandimva ndikung'ung'udza nyimbo, ndipo anandinong'oneza kuti Lachisanu masana atsikana a ku Uganda ndi achifilipino amakumana m'chipinda chosungira nsalu. Anandiperekeza yekha. Atandilowetsa anakoka mpando n'kukhala panja pa chitseko, foni ili m'manja ngati akungocheza. "Lowa ukapemphere," anatero. "Wina akamabwera ndigogoda." Tinalimo asanu ndi awiri, titakhala pamitolo ya matawulo, popanda mbusa, aliyense akuimba m'chilankhulo chake. Ndinatuluka m'menemo ndikuseka ndekha ngati wamisala. Halima anakhala pampando uja pafupifupi Lachisanu lililonse kwa zaka zitatu.

Patatha zaka zinayi ndinabwerera. Basi itangolowa mu Mzuzu, kamvula kakuwaza, ndinatsegula zenera kuti kuzizira kundimenye bwinobwino. Amama anavina pa depoti anthu akuonerera. Kunyumba kunadzaza anthu, wina akuti ndanenepa, wina akuti ndayera, aliyense ndi "yewo chomene" wake wothokoza polandira sopo ndi mafuta onunkhira. Alendo atabalalika, adada anatambasula dzanja. Ndinatulutsa kalata ija, yomwe ija ndinanyamuka nayo, ili m'pulasitiki yake. Anaitembenuza kufuna chidindo, ndipo sanachipeze. Mgonero unali patsogolo ndi masabata awiri okha.

Adada si munthu wogona ndi vuto. Kutacha anali atapeza kale nzeru. Khansala wa dera lathu, a Gondwe, anali atagulira mpingo simenti, ndipo kuchokera nthawi imeneyo ankapatsidwa mpata wolankhula pambuyo pa zolengeza. "Ndi mnzanga," anatero adada. "Alembe kalata papepala la ofesi kuti iwe ndiwe mkhristu wabwino. Abusa sangawakanire."

Mtima wanga unatentha. "Adada, ndikuchokera kumene boma limanena kuti upemphere pati, liti, ndi ndani. Sindinabwerere kuno kuti khansala adzandilowetse pa Mgonero."

"Kuno n'kwathu, Tionge. A Gondwe ndi mkhristu mnzathu."

"Lero ndi mnzathu. Nanga akadzalowa wina amene sakutifuna, naye adzilembera abusa makalata?"

Kalata ya khansalayo anakaitengabe. Ndinaiona ikusuzumira m'thumba la jekete lawo tsiku limene akulu a mpingo anandiitana, Lachisanu masana.

Tinakhala m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi: abusa, mlembi, akulu ena anayi, ndi adada pakona. Mlembi anaitembenuza kalata yanga kawiri. "Chidindo palibe, a NyaMhango," anatero. Abusa anandifunsa kumene ndinkapemphera zaka zonsezo, ndipo ndinafotokoza za chipinda cha nsalu, matawulo, ndi chitseko chotseka. Anamvetsera bwino. Kenako anati, "Nkhani ndi yomveka. Koma pali mboni?"

Ndinaona dzanja la adada likupita kuthumba. Ndinachita changu asanaitulutse kalata ya khansala ija. Ndinatulutsa foni n'kuimbira Halima pa vidiyo, ndikupemphera kuti ayankhe. Anayankha, ali ndi mpango wake kumutu, akutafuna china chake. Akulu onse anatambasula makosi kuti aone. Abusa anamufunsa m'Chingerezi ngati akundidziwa, ndiponso ngati ndinkapempheradi.

"Tionge? Lachisanu lililonse," anatero Halima. "Vuto lake amaimba mokweza. Ndinkachita kugogoda ngakhale kulibe munthu, kuti achepetse mawu, angatimangitse tonse."

M'chipindamo munabuka phwete. Amene sanaseke anali mkulu mmodzi wa ku Lupaso, amene anakanda kukhosi n'kunena kuti, "Koma abusa, umboni wa Msilamu tingaulembe m'buku la mpingo?"

Abusa anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono. Maso awo anadutsa pathumba la adada, moti ndikukhulupirira kuti ankadziwa chimene chinali m'menemo. "Mayi uyu sakufuna voti ya munthu aliyense muno," anatero. "Lembani, a mlembi." Dzanja la adada linatuluka m'thumba lopanda kanthu.

Lamulungu la Mgonero ndinafika anthu asanadzaze. Zitseko zonse zitatu zinali zotsegula, chimkuzamawu chikumveka mpaka kumsika, ndipo panalibe munthu wolondera pakhomo. Ndinakulira m'zimenezi osaziona ngati kanthu. Tsiku limenelo ndinaona kuti kwathu tili ndi chinthu chachikulu, ndipo timachigwira mosasamala, mpaka kufuna kuchisinthanitsa ndi matumba a simenti. A Gondwe analankhula za msewu ndi mijigo mpaka ana anayamba kulira, koma ine chimwemwe changa sanachithe.

Mbale ya mkate itafika pabenchi yathu, amama anatenga kachidutswa kawo n'kutembenukira kwa ine. "Tenga, mwana wane," ananong'ona. Ndinatenga, ndipo mayi amene anali kumanzere kwanga anadikira ndi dzanja lotambasula mpaka nditakumbukira kumupatsira mbale.