Kunsi kwa Desiki

Ndagwira ntchito mu ofesi yogula katundu wa boma kuno ku Kafue kwa zaka zambiri, ndipo chinthu choyamba chimene ndinaphunzira n'chakuti pepala lokhala ndi chidindo silitsutsidwa. Tinaleredwa motero. Chidindo chikagwa papepala, nkhani yatha.

Kenaka kunabwera lamulo loti pogula katundu tiziona ngati kapangidwe kake sikanawononge nkhalango kapena madzi. Ogulitsa anamva msanga. Mwezi usanathe, chilichonse chofika patebulo pathu chinali ndi chithunzi cha tsamba lobiriwira, ngakhale ndowa zapulasitiki.

Chaka chimenecho sukulu ina ya ku Shimabala inkasowa madesiki, moti ana ena ankakhala pamasaka. Ogulitsa awiri ndiwo anafika kumapeto kwa mpikisano, aliyense ndi desiki limodzi lachitsanzo. Loyamba linali la bambo wina wa suti wochokera ku Lusaka. Linali lolemera, lonyezimira, lopakidwa utoto wakuda, ndipo pamwamba anamatapo tsamba lija ndi mawu akuti matabwawo ndi a mitengo yochita kubzala. Anaperekanso kalata yokhala ndi chidindo chachikulu. Lachiwiri linali la mayi wina wopala matabwa kuseri kwa mafakitale. Linali la paini, lotuwa, losakopa maso. Pamwendo pake panali kachizindikiro kochita kuwotcha ndi nambala kunsi kwake.

M'komiti yosankha wogulitsa tinalimo asanu, ndipo lamulo linkafuna kuti tonse tisaine. Anayi anasankha desiki lakuda nthawi yomweyo. Wapampando wathu, mayi wachitsikana wa kudera la Estates, wachangu pa chilichonse, anandikankhira pepala.

"Ba dikoni, sainani tiyende. Bana bali pansi."

"Ndipatseniko sabata imodzi, mayi."

"Sabata! Mufuna kuipempherera desiki?"

Onse anaseka, podziwa kuti ndine dikoni kutchalitchi kwathu. Wapampando anandipatsa mpaka Lachisanu la sabata yotsatira, koma anandiuza poyera kuti ndikapanda kupeza kanthu adzalembera akuluakulu kuti andichotse m'komiti. Potuluka ndinamva wina akunong'oneza mnzake kuti mayi wa paini uja ayenera kuti anandipatsa kangachepe. Chimwalirireni mkazi wanga, chimene ndinatsala nacho chinali dzina labwino, ndipo tsiku limenelo ndinaona kuti nalonso likhoza kupita.

Kunena zoona, ndinalibe umboni uliwonse. Ndinkangokumbukira mkazi wanga pamsika wa salaula, wa zovala zovalidwa kale. Iye sankagula diresi asanalitembenuze ndi kuona msoko. Ankati kunja n'kwa wogulitsa, m'kati n'kwa wogula.

Lolemba m'mawa ndinagadabuza desiki lakuda lija, miyendo m'mwamba, n'kupala utoto pang'ono ndi kiyi wa kabati. Thabwa linatuluka lofiirira. Nditanunkhiza ndinakumbukira bambo anga. Iwo anachokera kum'mawa kudzagwira ntchito ya ukalipentala kukampani ya njanji, ndipo ndinakulira m'zipalo za matabwa. Unali mukwa, umene kwathu timati mlombwa, mtengo wokula mochedwa umene amaudula m'tchire.

Komabe mphuno si mboni, ndipo mwina bambo uja nayenso ananamizidwa. Ndinatenga kalata yake n'kuwerenga mawu a m'mphepete mwa chidindo, amene tonse asanu sitinawawerenge. Linali dzina la kampani yake yomwe. Munthuyo ankadzichitira yekha umboni. Ndinamuimbira foni n'kufunsa amene anakayendera kumene mitengoyo inadulidwa.

"Ba mdala, chidindo simwachiona? Manje mufuna chani futi?" Anadula foni.

Chizindikiro cha mayi uja nachonso sindinachikhulupirire chabe. Ndinafufuza bungwe limene limachipereka, n'kulilembera pakompyuta ndi zala zanga ziwiri, kufunsa ngati nambalayo ikudziwika. Lachiwiri kunali zii. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi yankho linafika. Nambalayo inali yoona, matabwa anachokera kumunda wa paini wa kudera la migodi, ndipo oyendera awo amapitako okha kukaona ngati odula akubzalanso.

Lachisanu ndinafika msanga n'kuika madesiki onse awiri chagada pakati pa chipinda. Anzanga polowa anayamba kuseka. Ine ndinangopereka kiyi kwa wapampando.

"Palani apa, mayi, mununkhize."

Anapala, nanunkhiza, napatsira mkulu wina wa m'komiti amene anakulira kumudzi. Iyeyo anagwira pakamwa.

"Uyu ni mukwa uyu! Ati yobzala?"

Ndinawaonetsa mawu a pachidindo, kenaka yankho la bungwe lija. Wapampando anawerenga kawiri. Atatha anatsegula chikwama, natulutsa envulopu, naing'amba pakati ife tikuona.

"Iyi inali kalata yokuchotsani, ba dikoni. Nenze nalemba kale. Munikhululukire."

Uja ananong'ona za kangachepe anayang'ana pansi, kenaka anadzuka kudzandigwira chanza ndi manja awiri. Tonse asanu tinasaina desiki la paini.

Tsiku lokapereka madesiki ndinakwera nawo lole mpaka ku Shimabala. Mayi wopala matabwa uja anandifunsa chimene chinachititsa kuti asankhidwe, popeza ankadziwa kuti desiki lake silinali lokongola. Ndinamulozera kachizindikiro ka pamwendo. Anaseka, nati anzake ankamunena kuti akudzivutitsa pokagula matabwa kutali pamene mukwa umabwera wokha pakhomo.

Kuyambira pamenepo, chizindikiro chilichonse chikafika mu ofesi mwathu timafunsa amene anachipereka, amene anakaona ndi maso, ndi kumene ife tingakatsimikize. Wapampando ndiye amafunsa mwaukali kuposa ine. Wogulitsa akabwera ndi sopo kapena mapepala okhala ndi tsamba lobiriwira, wapampandoyo amangoti, "Tiyeni tigadabuze," ndipo olowa ntchito kumene sadziwa kumene mawuwo anachokera.

Lamlungu lotsatira ndinakhala pabenchi yathu yakale kutchalitchi, mbali imene mkazi wanga ankakhala. Ine ndimaimba motsitsa, koma tsiku limenelo mayi wa kutsogolo kwanga anacheuka kuti aone amene akukweza mawu chonchi.