Kanema wa Masana

Dzina lawo lenileni anthu a mumsewu muja analiiwala kalekale, onse ankangoti a Finyani. Ntchito yawo inali yofinya makanema. Munthu akabwera ndi kanema wamkulu woti foni yakana kutumiza, iwo ankamuchepetsa mpaka apite. Kashopu kawo kanali ka malata, ndipo kompyuta yawo, mayo ine, inkatentha ngati simbi. Anaikweza pa njerwa kuti mphepo izidutsa pansi, fani ili pambali kulira.

Makinawo akatenthetsa ankazima okha, ntchito n'kuyambiranso. Ndiye a Finyani anapeza njira yawo. M'mawa kukadali kozizira ankafinya mwachifatse, nkhope n'kutuluka zooneka bwino. Dzuwa likafika paliwombo ankasankha kufinya kwachangu, kosadya magetsi ambiri, zithunzi n'kumaoneka mbuu. Akatumiza ankafufutiratu kanema wamkuluyo kuti apeze malo. Manja ankachita okha zimenezi, mutu uli kwina.

Akazi awo atamwalira, a Finyani sanalire kwenikweni. Ankatsegula shopu, kutseka, kudya chomwe apatsidwa. Kanema wa malemuwo analipo mmodzi yekha, akuseka pakhomo atanyamula mdzukulu, ndipo anali mu kompyuta momwemo. Tsiku lina masana mwana wawo wamkazi wokhala kutali anaimba foni.

"Ababa, nditumizireni kanema wa amayi uja. Nkhope yawo yayamba kundithawa."

"Pompano, mwanawe."

Malata anali akuthetheka, fani ikungotakasa mpweya wotentha. Manja aja anagwira ntchito yawo ya masana: kufinya mwachangu, kutumiza, kufufuta.

Foni inaliranso.

"Ababa, amayi sakuoneka. Pankhope pali timabokosi tokhatokha. Tumizani wamkulu uja, ndidikira ngakhale mpaka mawa."

A Finyani anayang'ana pomwe pankakhala kanemayo. Panalibe kanthu. Anatsegula wofinyidwa uja. Chitseko chinkadziwika, diresi linkadziwika, kuseka kunkamveka bwinobwino, koma nkhope ya akazi awo inali ngati chithunzi chogwera m'madzi. Sanamve chisoni, sanamve mkwiyo. Anangoyang'anitsitsa timabokosi tija.

"Ababa, muli pomwepo?"

"Ndilipo."

"Nanga wamkulu uja?"

Mwachizolowezi anaika dzanja pa kompyuta kuti amve ngati yazizira. Inali isanazizire.

"Kunatentha, mwanawe," anatero. "Ndikanadikira m'mawa."