Dzanja la Amayi Pakamwa

Amayi atamwalira sindinalire. Uthenga unandipeza pa shifiti, kunyumba yosamalira okalamba ku Romford. Ndinauwerenga, n'kubwezera foni m'thumba, n'kupitiriza kumwetsa tiyi gogo wina wachizungu. Kumaliro sindinapite, mapepala anga okhalira kunja kuno anali asanatuluke.

Patatha chaka achemwali anga anaimba kuchokera kumudzi. "Tikumanga chiliza. Tikufuna nkhope ya amayi pa zitenje. Wojambula si ndiwe?"

Ndinedi. Loweruka ndimajambula maukwati ku Barking, anthu osawadziwa n'komwe. Koma chithunzi cha amayi anga ndinali nacho chimodzi chokha, cha pa foni, chosaoneka bwino. Aima kumapeto kwa mzere wa azimayi akutchalitchi, dzanja lili pakamwa. Ankatero nthawi zonse akaona kamera, poti mano akutsogolo anaguluka kalekale.

"Dzanjalo uchotse," anatero achemwali. "Anthu aziti chiyani?"

Ndinayamba ndi zophweka. Ndinadula azimayi enawo, n'kuwalitsa nkhope, n'kuwongola duku. Kenako ndinafufuta dzanja, chala chimodzichimodzi. Pansi pake panalibe kanthu, dzenje lotuwa basi. Kamera sinapaone pakamwapo, nanga ine ndikanapatenga kuti?

Ndinakapatenga pa chithunzi cha achemwali, osawauza. Ndinadula milomo yawo ndi mano omwe, n'kuidetsa pang'ono, n'kuikapo makwinya. Masiku anayi, ndikangoweruka. Mumtima munali zii, ngati ndikusita yunifolomu. Kunama ayi, chinatuluka bwino.

Tsiku la chiliza anandionetsa pa foni, ine ndili m'basi. Azimayi mbwee, aliyense wavala amayi m'chiuno, amayiwo akumwetulira ndi mano onse. Ndinkadikira kuti wina anene kuti amenewa si iwo. Azakhali anayandikira foni. "Mwana iwe uli ndi manja! Ndi iwowo ndendende." Ngakhale achemwali sanazindikire pakamwa pawo pomwe. Ndinati zikomo, n'kutsika pa siteji yanga.

Chimene sindinauze munthu ndi ichi. Amayi sankandibisira ine pakamwa. Ndinawaona kambirimbiri akuseka pakhonde, manja ali pa ntchito, usinini pamtunda. Ndayesa kuwakumbukira choncho, m'basi, pa shifiti, ndikutsuka makapu. Zikukanika.

Ndikatseka maso amabwera ndithu, duku lawo lomwe lija, maso awo omwe aja. Koma amabwera ndi mano onse.