Moni wa Lamulungu pa Wayilesi ya Kwathu

Ndikauza anthu kuti ndinaphunzira kunja, amayembekezera kumva za ndege. Ine kunja kwanga kunali ku Zambia, pa sukulu ya unamwino ya mishoni, kumidzi kuseri kwa Chipata. Kuchoka kwathu ku Mchinji kukafika kumeneko ndi minibasi zitatu ndi chidindo chimodzi cha pa boda. Komabe chaka choyamba chija kunanditalikira kwambiri, chifukwa bambo anga sankandilankhula.

Mlanduwo ndinaupalamula ndekha. Bambo anali mphunzitsi wa pulayimale wopuma pa ntchito, ndipo anali atanditengera kale mafomu a ku koleji ya aphunzitsi. Ine ndinalembera ku Zambia mwakabisira, ndikudziuza kuti ndidzawauza zikatheka. Yankho litabwera ndinauza mayi, mayi anauza mnzawo wa kwaya, ndipo Lamulungu lotsatira mkulu wa mpingo analengeza m'tchalitchi kuti tipempherere mwana wa aphunzitsi amene akupita kunja. Bambo anali pa benchi yakutsogolo. Anthu anawatembenukira n'kuwaombera m'manja, eni ake asakudziwa kanthu. Titafika kunyumba anangoti, "Nkhani za mwana wanga ndizimvera limodzi ndi anthu odutsa m'njira." Tsiku limene ndinanyamuka analawirira kudimba. Panapita miyezi isanu ndi iwiri. Ndikaimba foni mayi ankati, "Bambo ako ali bwino, angotuluka kumene." Ndiimbe m'mawa, ndiimbe madzulo, munthu wake anali atangotuluka kumene.

Pakhomo pathu za keke kunalibe. Tsiku lobadwa la mwana linkadziwika ndi kalata. Bambo ankang'amba pepala pakati pa kope, n'kulemba, kenako n'kupalasa njinga mpaka ku boma kukaisiya ku wayilesi ya m'dera lathu, kuti akaiwerenge pa pologalamu yopatsana moni ya Lamulungu masana. Anthu anasiya kalekale makalata, amangotumiza uthenga pafoni, koma iwo ankati umenewo ndi moni wa aulesi. Tilipo ana asanu, ndipo sanaphonyepo ngakhale chaka chimodzi. Tikukula zinkatichititsa manyazi, chifukwa ankalemba maina onse, ngakhale lija la ubatizo limene tinkabisa kusukulu.

Tsono tsiku langa litayandikira, mu Julayi, mtima wanga unali pa funso limodzi: alemba kapena salemba? Mayi sindikanawafunsa. Mayi anga bodza lodzetsa mtendere saliona ngati tchimo. Ndinkafuna kumva ndi makutu anga. Vuto linali lakuti sukulu yathu inali m'chigwa, ndipo wayilesi ya kwathu inkangolira ngati mafuta m'chiwaya. Mayi wina wodikirira wodwala pachipatala cha mishonicho ndi amene anandiuza kuti m'tauni ya Chipata imagwira, makamaka chakumtunda.

Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anali mtsikana wa ku Chipangali, wamtali, wosatopa kulankhula. Nditangotchula za tauni anadumpha.

"Apo wakamba zoona, iwe Mmalawi. Basidei sitidyera mu hositelo. Tiyende kuli anti anga, tikadye chipisi na nkhuku, ukaoneko na malaiti."

Ndinamuyankha kuti magetsi kwathu aliko, ndipo amazima mofanana ndi a kwawo. Za wayilesi sindinamuuze.

Loweruka, lomwe linali tsiku langa lenileni, tinapempha chilolezo kwa a matironi n'kukwera minibasi yodzaza matumba a mtedza. Tinafika m'tauni tsitsi lili mbuu ndi fumbi. Tinazungulira mumsika, ndinagula juzi ya salaula, zimene kwathu timati kaunjika, ndipo mnzangayo anakangana ndi wogulitsa mpaka munthu wamkulu anapepesa osalakwa. Chipisi tinadyadi. Titafika kwa azakhali ake, ana awo aakazi anali atandibisalira kuseri kwa chitseko ndi ndowa, n'kundikhuthulira madzi thupi lonse monga amachitira achinyamata pa tsiku lobadwa. Mphepo ya Julayi ija, juzi yatsopano ili pathupi. Ndinawatukwana m'Chichewa cha kwathu, iwo akufa nako kuseka, ndipo inenso ndinaseka zenizeni. Sindinganame, anthu aja anandilandira ngati wawo.

Chimene chinandisokoneza ndi pa siteji. Tikudutsa pamenepo masana, makondakitala ankakuwa kuti, "Boda, boda, Mwami boda!" Pasipoti inali m'chikwama changa. Ndikanakwera, dzuwa lisanalowe ndikanakhala pakhomo pathu, ndikumva fungo la utsi wa kukhitchini ya mayi. Ndinaima mpaka kondakitala wina anandigwira chikwama. Koma ndinaona m'maganizo bambo akundiona ndikulowa pa mpanda, iwo n'kutenga khasu n'kutulukira kuseri. Zimenezo sindikanazipirira. Ndinalanda chikwama changa n'kuthamangira mnzanga.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinayesa wayilesi ya pafoni m'nyumba mwa azakhali aja. Sinagwire. Pologalamu inkayamba thuu koloko. Ndinanama kuti ndikukagula mayunitsi, ndinatuluka n'kuyamba kukwera msewu wopita kuphiri. Wayilesi ya pafoni siilira popanda timawaya ta m'makutu, ndipo timawayato ndi timene timakoka mawu, choncho ndinkayenda nditatukula dzanja ngati mwana wofuna kuyankha m'kalasi. Nyumba zitayamba kuchepa, pafupi ndi chulu china, mawu anatulukira. Anali mawu a muulutsi yemwe uja wa masiku onse, wokoka mawu m'mphuno.

"Iwe, uchita chani kuno? Tokotaimu agulitsa pa chulu?"

Anali mnzanga, atanditsatira. Ndinamuuza zonse, mwachidule, maso ali pansi. Anatenga foniyo n'kuikweza m'mwamba, poti iye ndi wamtali, ndipo tinagawana timawaya, wina khutu ili wina khutu ilo.

Muulutsi anawerenga mauthenga a pafoni osatha. Wina akupereka moni kwa apongozi, wina kwa anzake a pa chigayo, wina kwa mkazi amene dzina lake analisunga mumtima. Nyimbo, mauthenga, nyimbo. Dzanja la mnzanga linatopa, anasinthira linalo. Nthawi itatsala pang'ono ndinali nditayamba kudziuza kuti palibe kanthu, ndine munthu wamkulu, moni wa pa wayilesi sadya. Kenako muulutsi anati, "Tsopano pano pali kalata, kalata yeniyeni ya papepala."

Anatchula maina anga onse atatu.

"Kwa mwana wanga wachitatu, amene akuchita maphunziro a unamwino m'dziko la Zambia, ndipo dzulo wakwanitsa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Alimbikire maphunziro, alemekeze aphunzitsi ake, asaiwale mapemphero. Wolemba ndine mayi ake."

Ndinakhala pansi, pa udzu wouma. Mayi ake. Ndiye kuti bambo akana, mayi angoti mwana asachite manyazi. Mnzanga anandigwira paphewa. "Pepa, mwandi. Koma amayi ako akukonda maningi."

Muulutsi anali asanamalize. "Koma mayi amenewa ali ndi dzanja," anatero akuseka. "Zilembo zoima bwinobwino ngati za pa bolodi, deti pamwamba, mzere kunsi kwake."

Pamenepo ndinayamba kuseka, misozi ikutsika, mpaka mnzanga anachita mantha. Mayi anga sanapite kusukulu. Pa pepala lililonse amadinda chala.

Ndinaimba pomwepo. Mayi atayankha ndinamva kumbuyo kwawo wayilesi yomweyo ikutsazika, nkhuku zikulira, ndi chitseko chathu cha kukhitchini chimene chimakhula pansi.

"Wamva?" anandifunsa.

"Ndamva, amayi. Zikomo chifukwa cha kalata yanu."

"Eya. Ndalemba bwino, eti?" Ankaseka chamumtima.

"Abambo alipo?"

"Alipo. Akhala pompano."

Ndinamva mpando ukusuntha pa simenti ya pakhonde. Kenako mawu amene ndinali ndisanawamve miyezi isanu ndi iwiri, osalankhula ndi ine, akulankhula ndi mayi.

"Mufunseni ngati kumeneko imamveka bwino."

"Auzeni kuti imamveka," ndinatero, "koma mpaka munthu akwere phiri."

Mayi anabwereza mawu anga onse, ngakhale ndikudziwa kuti bambo anali atamva okha.

"Muuzeni atsike. Kunja kukuzizira."

Foni bambo sanaigwire tsiku limenelo, ndipo ine sindinawapemphe. Sindinatsikenso msanga. Mayi anaiwala kudula, kapena anachita dala, n'kuika foniyo pa mkeka. Ndinakhala pa chulupo, tauni ya eni ili kunsi kwanga, ndikumvetsera bambo anga akutsokomola pakhonde la kwathu mpaka mayunitsi anatha.